Wodwala wa M'chitokosi

Munthu akagwidwa ndi apolisi, ambiri a ife timaona ngati nkhani yake yafika pamapeto, ndipo chimene chatsala n'chakuti akaonekere kubwalo la milandu. Timaiwala kuti pakati pa kumangidwa ndi kuweruzidwa pamakhala tsiku limodzi kapena awiri amene munthuyo amagona m'chitokosi, chitseko chili chokhoma, abale ake ali kutali. Kwa munthu wa thanzi labwino, nthawi imeneyi imakhala ya manyazi, nkhawa ndi kusowa tulo basi. Koma kwa munthu amene thupi lake linazolowera mankhwala ozunguza bongo kapena mowa waukali, maola amenewa ndi oopsa kuposa mlandu umene wamangidwira. Akhoza kulowa madzulo akuyenda yekha, kukacha n'kupezeka atatsirizika. Chimene ndifuna kunena m'chimangirizo chino n'chakuti munthu wotere ndi wodwala, ndipo dokotala amene waitanidwa kuti akamuone ayenera kulowa m'chitokosimo ngati dokotala, osati ngati wapolisi wachiwiri.

Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko, ndinaphunzitsa ana amene lero amapezeka mbali zonse ziwiri za chitseko cha chitokosi. Ena ndi apolisi, ena ndi achipatala, ndipo ena, mwachisoni, ndi amene amatsekeredwa. Mmodzi mwa ana amenewa, mtsikana amene ankakhoza bwino sayansi, anaphunzira unamwino napita ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene anamwino athu ambiri ankasamukira kumeneko. Ntchito yake ndi yoona odwala amene ali m'manja mwa apolisi. Atabwera kudzaona makolo ake anandiyendera, ndipo tinacheza nthawi yaitali za ntchito yakeyo. Zimene anandifotokozera zinandipatsa chidwi chofunafuna ndi kuwerenga malamulo amene iye amatsatira. Ndasankha kufotokoza za dziko limenelo pa zifukwa ziwiri. Choyamba, malamulo athu ambiri a milandu anachokera kumeneko. Chachiwiri, anthu a kumeneko analemba mwatsatanetsatane zimene ziyenera kuchitika munthu akangotsekeredwa.

Malamulowo anabwera anthu atapunthwa kale. M'chaka cha 1972, bambo wina dzina lake Maxwell Confait anaphedwa mumzinda wa London. Apolisi anagwira anyamata atatu a zaka 14, 15 ndi 18, nawapanikiza ndi mafunso popanda loya, mpaka anyamatawo anavomera milandu yokhudza imfayo. M'chaka cha 1975 bwalo la apilo linawamasula litaona kuti umboni wa nthawi imene munthuyo anafera sunkagwirizana ndi zimene iwo anavomera. Nkhani imeneyi ndi imodzi mwa zimene zinachititsa kuti m'chaka cha 1984 nyumba ya malamulo ikhazikitse lamulo lotchedwa Police and Criminal Evidence Act. Lamuloli linalekanitsa wapolisi wofufuza mlandu ndi wapolisi wosamala omangidwa. Wosamala omangidwayu, amene udindo wake suchepera pa usajeni, amafunsa aliyense wolowa ngati akudwala, ngati pali mankhwala amene amamwa, ndiponso ngati ali ndi maganizo odzivulaza. Akaona kuti munthuyo sali bwino, ayenera kuitana dokotala kapena namwino mosazengereza, ngakhale womangidwayo asanapemphe.

Wachipatala akafika amadziwa kuti pali ngozi ziwiri zosiyana. Ngozi yoyamba ndi ya mankhwala amene akadali m'thupi. Mankhwala otchedwa heroin, pamodzi ndi ena a mtundu wake, amafooketsa mbali ya bongo imene imalamula kupuma. Munthu amene wapyola muyeso amayamba kusinza, mpweya wake umachepa, milomo imasintha mtundu, ndipo kamwana ka m'diso kamachepa mpaka kukhala ngati nsonga ya singano. Choopsa n'chakuti munthuyo amaliza mkonono, kotero kuti wodutsa pakhomo amaganiza kuti wagona tulo tabwino, pamene akutsamwa. N'chifukwa chake malamulo a ku England amati womangidwa aliyense aziyenderedwa kamodzi pa ola, koma amene akuganiziridwa kuti waledzera kapena wamwa mankhwala aziyenderedwa ndi kudzutsidwa mphindi 30 zilizonse. Kusuzumira pawindo sikukwanira. Wapolisi ayenera kulowa, kumuitana dzina, ndi kumugwedeza pang'ono. Kenaka amufunse dzina lake, kumene amakhala, ndiponso kumene akuganiza kuti ali. Pomaliza amuuze kuti atsekule maso, akweze mkono umodzi, akwezenso winawo. Akalephera chimodzi mwa zimenezi, wachipatala kapena ambulansi iitanidwe.

Kudzutsaku kuli ndi phindu linanso. Matenda ambiri amavala nkhope ya kuledzera. Munthu amene wavulala m'mutu, wodwala shuga amene shuga wake watsika kwambiri, wa khunyu amene wangogwa kumene, ndi amene wachita sitiroko, onsewa amadzandira ndi kulankhula mosokonekera monga chidakwa. Fungo la mowa m'kamwa silitsimikiza kuti vuto ndi mowa wokha, pakuti woledzera ndiye amene amagwa msanga n'kumenyetsa mutu pansi. Choncho dokotala wosamala amapapasa mutu, amayeza shuga, amayang'ana maso ndi kuwerenga kapumidwe asananene kuti munthuyo wangoledzera. Akapeza kuti ndi heroin amene wachuluka, amapereka mankhwala otchedwa naloxone, amene amabwezeretsa kupuma m'mphindi zochepa. Komabe mphamvu ya naloxone imatha msanga kuposa ya mankhwala ena amene ikulimbana nawo, motero wodwalayo akhoza kukomokanso. Malo ake ndi kuchipatala. Chimodzimodzinso munthu amene wameza timapaketi ta mankhwala pofuna kubisira apolisi. Kapaketi kamodzi kakaphulika m'mimba, m'chitokosi mulibe chimene chingamupulumutse.

Ngozi yachiwiri ndi ya mankhwala amene akutha m'thupi. Pachichewa tili ndi mawu oti chibaba, ndipo timawagwiritsa ntchito moseka ponena za munthu wolakalaka fodya. Koma chibaba cha munthu amene anazolowera heroin si chilakolako wamba. Thupi lake linasintha kagwiridwe ka ntchito kuti lizikhala ndi mankhwalawo, ndiye akasowa, zonse zimene ankapondereza zimadzuka nthawi imodzi. Pakangopita maola 6 mpaka 12, munthuyo amayamba kuyasamula, kutuluka misozi ndi mamina, ndi kuchita thukuta uku akumva kuzizira. Kamwana ka m'diso kamakula. Kenaka amamva kuphwanya m'mafupa, kupotokola m'mimba, amasanza ndi kutsekula m'mimba. Ululuwu umafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Kawirikawiri suupha munthu paokha, koma kutha kwa madzi m'thupi kukhoza kupha, mayi woyembekezera akhoza kupita padera, ndipo ena amafika pofuna kudzichotsera moyo kuti apumule.

Chodabwitsa n'chakuti chimene chimapha kwambiri pochisiya mwadzidzidzi ndi chimene malamulo amalola kugulitsa, ndicho mowa. Munthu amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku akangosiya, amayamba kunjenjemera tsiku lomwelo. Akhoza kugwa ngati wa khunyu pa tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu akhoza kusokonekera mutu, kutentha thupi ndi kuona zinthu zimene palibe. Apa ndikukumbukira mnyamata wina wa m'dera lathu amene ndinamuphunzitsa ali Fomu 2. Atasiya sukulu ankamwa kachasu kuyambira m'mamawa. Anamangidwa Lachisanu chifukwa cha ndewu ya pamowa. Lamulungu madzulo mayi ake atapita ndi chakudya, anamupeza akunjenjemera, akubwebweta, akuloza njoka pakhoma pamene panalibe kanthu. Anzake a m'chitokosi ena ankati walodzedwa, ena ankati akunamizira misala kuti azembe mlandu. Mwayi wake unali wakuti wapolisi amene anali pantchito anaumirira kuti apite naye kuchipatala usiku womwewo. Mankhwala amene anamupulumutsa sanali achilendo kapena okwera mtengo. Anali diazepam wokhazika mitsempha, vitamini B1 woteteza bongo, ndi madzi.

Tisaganize kuti ntchito ya dokotala ndi kungopereka chilichonse chimene womangidwa wapempha. Namwino uja anandiuza kuti apa ndi pamene pamafunika nzeru ndi kudekha. Ku England anthu ambiri amene akuyesa kusiya heroin amalandira mankhwala otchedwa methadone, amene amamwa kamodzi patsiku kuti chibaba chisawagwire. Munthu wotere akamangidwa, ndi bwino kuti apitirize mankhwala akewo. Koma methadone amakhalitsa m'thupi, ndipo akapatsidwa munthu amene akadali ndi heroin kapena mowa m'magazi, kapena amene wakokomeza muyeso umene amalandira, akhoza kumupha ali mtulo. Motero wachipatala amamvetsera mawu a wodwala mwaulemu, koma amatsimikizanso. Amaimbira foni kumene munthuyo amalandirira mankhwala kuti adziwe muyeso weniweni ndi tsiku limene anamwa komaliza. Amayang'ana zizindikiro zimene munthu sangazinamizire, monga kuthamanga kwa mtima, thukuta ndi kukula kwa kamwana ka m'diso. Ngati munthuyo akadali woledzera, amayembekeza n'kudzamuonanso. Lamulo silimulola wapolisi kupereka mankhwala amphamvu ngati amenewa. Ayenera kumwedwa wachipatala akuona. Malangizo a ntchito yonseyi anasonkhanitsidwa m'kabuku kamene kanatuluka koyamba m'chaka cha 1994, ndipo kakhala kakukonzedwanso kangapo.

Pomaliza kuyeza, dokotala amayankha mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi munthuyu angathe kukhala m'chitokosi, kapena apite kuchipatala? Lachiwiri ndi lakuti, kodi angathe kufunsidwa za mlandu wake tsopano? Funso lachiwirili ndi limene limasonyeza kuti chisamaliro cha wodwala chimathandizanso chilungamo. Munthu amene mafupa akumuphwanya ndi chibaba amaganiza chinthu chimodzi chokha, ndicho kutuluka. Akauzidwa kuti akavomera apatsidwa belo, akhoza kuvomera ngakhale mbuzi imene sanabe. Nayenso woledzera sangamvetse ufulu wake kapena kukumbukira bwino zimene zinachitika. Umboni wotengedwa pa nthawi yotere ndi wosadalirika. Ukhoza kumangitsa wosalakwa monga zinachitikira anyamata atatu aja, kapena kukanidwa kubwalo n'kupulumutsa wolakwa weniweni. Choncho dokotala akanena kuti mafunso ayambe adikira maola angapo, sakutchinjiriza chigawenga. Akuonetsetsa kuti mawu amene alembedwe akhale a munthuyo, osati a ululu wake.

Apa ndi pamene pagona chiyeso chachikulu cha dokotala wa kupolisi. Amene amuitana ndi apolisi, chipinda chimene akugwiriramo ntchito ndi cha apolisi, ndipo anthu amene amacheza nawo tsiku ndi tsiku ndi apolisi. N'kosavuta kuyamba kuona wodwala ndi maso awo. Komatu wodwala sangaulule kuti wamwa chiyani ngati akuopa kuti mawu akewo akhala umboni womumangitsa. Dokotala wabwino amauza apolisi zokhazo zimene zifunika kuti munthuyo asungidwe bwino, zinazo n'kusunga mumtima. Ife a kuno kummwera kwa Africa tili ndi chitsanzo chowawa cha zimene zimachitika dokotala akaiwala mwini ntchito yake. Steve Biko sanali wa mankhwala ozunguza bongo, anali womenyera ufulu, koma anali wodwala m'manja mwa apolisi. M'mwezi wa September 1977 anavulazidwa m'mutu ali m'chitokosi ku Port Elizabeth. Dokotala Ivor Lang analemba chikalata chonena kuti sanapeze chovuta, ndipo Dokotala Benjamin Tucker analola kuti wodwalayo anyamulidwe pagalimoto ulendo wa makilomita oposa 1,000 kupita ku Pretoria, kumene anamwalira pa 12 September. Panapita zaka mpaka 1985 kuti bungwe la madokotala la dzikolo liwapeze olakwa. Ngati izi zinachitikira munthu wotchuka, nanga kuli bwanji mnyamata wachibaba amene palibe amene akumudziwa?

Ndikudziwa kuti ena angatsutse. Angafunse kuti n'chifukwa ninji boma liwononge ndalama pa munthu amene anadzichimwira yekha, pamene amayi oyembekezera ndi ana osalakwa akusowa mankhwala m'zipatala. Funsoli n'lomveka, koma lili ndi yankho. Choyamba, munthu wa m'chitokosi sanaweruzidwe, ndipo ngakhale ataweruzidwa, palibe bwalo limene lingamugamule kuti afe ndi kutsamwa chifukwa chopezeka ndi ndudu ya chamba. Chachiwiri, boma likamutsekera limamulanda njira zonse zodzithandizira. Sangapite kuchipatala, sangaitane mbale wake, sangatunge ngakhale madzi akumwa. Amene wasunga kiyi wasenzanso moyo wa amene ali mkatimo. Chachitatu, kuchipatala sitifunsa wovulala pa ngozi ya njinga ngati anathamangitsa dala tisanamumange bala. Komanso akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine amene ndakhala ndi makolo ambiri pamisonkhano ya sukulu ndikudziwa kuti mankhwalawa sasankha khomo. Amalowa kwa mbusa, kwa mfumu ndi kwa mphunzitsi yemwe.

Kwathu kuno lamulo silinatisiye opanda chogwira. Gawo 42 la malamulo aakulu oyendetsera dziko la Malawi limati munthu womangidwa asungidwe molemekeza umunthu wake, ndipo limatchula chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala cholipiridwa ndi boma. Gawo lomweli limati womangidwa aonekere kubwalo pasanathe maola 48. Taonani kuti maola amenewa ndi omwe aja amene chibaba cha mowa ndi cha heroin chimakulira. Malamulo a bungwe la United Nations a kasungidwe ka akaidi, amene anakonzedwanso m'chaka cha 2015 napatsidwa dzina la Nelson Mandela, amati womangidwa alandire chithandizo chofanana ndi cha anthu a kunja, ndipo amatchula mwachindunji kuti wachipatala aziyang'ana zizindikiro za kusiya mowa ndi mankhwala. Tisadzinamize kuti vuto la kuno ndi chamba ndi kachasu basi. Heroin amadutsa m'madoko a kugombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo anansi athu a ku Tanzania anatsekula chipatala chopereka methadone pa Muhimbili mumzinda wa Dar es Salaam m'chaka cha 2011. Nachonso chamba, chimene lamulo la 2020 linalola kulima kaamba ka mankhwala ndi mafakitale okha, chimasokoneza mitu ya achinyamata ena kotero kuti amafunika dokotala wa matenda a maganizo osati unyolo.

N'zoona kuti sitingathe kuika namwino pa polisi iliyonse. Koma tikayang'anitsitsa tiona kuti zambiri zimene zimapulumutsa moyo sizilira ndalama. Kufunsa munthu polowa kuti wamwa chiyani ndipo wamwa liti sikulira ndalama. Kumugoneka cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, osati chagada kapena chafufumimba manja ali kumbuyo, sikulira ndalama. Kumudzutsa kawiri pa ola ndi kulemba m'buku zimene wayankha kumafuna wotchi ndi cholembera. Kudziwa kuti mkonono wa woledzera ukhoza kukhala kulira kwa munthu amene akufa kumafuna phunziro la tsiku limodzi. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsanso dongosolo lakuti anthu wamba osankhidwa aziyendera zitokosi, ndipo amenewa akhoza kumafunsa ngati odwala aonedwa. Ndipo womangidwa akamatuluka, wachipatala amuuze kumene angapeze thandizo losiyira, monga ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Kwa ena, tsiku la m'chitokosi ndilo loyamba pa zaka zambiri kukhala pansi ndi munthu wachipatala, ndipo mwayi wotere suyenera kutayika.

Inu ophunzira amene mukuwerenga nkhaniyi, ena mwa inu mudzavala yunifomu ya polisi, ena mudzavala zoyera za kuchipatala. Tsiku lina usiku adzakubweretserani munthu wonunkha mowa, wamwano, wong'ambika zovala, amene mwina waba kapena wamenya mnzake. Mudzatopa naye, ndipo anzanu adzakuuzani kuti mumusiye agone, adzatsitsimuka yekha kukacha. Mlandu wake udzaweruzidwa ndi bwalo pa nthawi yake. Gawo lanu usiku umenewo ndi kutsekula chitseko, kumuitana dzina, ndi kudikira mpaka atayankha.